Dzina la Ba Morgan Mukupa

Ba Morgan Mukupa ndi mmisiri womanga nyumba. Takhala moyandikana ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, zaka makumi atatu. Ndilemba zimene ndinaona ndi maso anga, sindiwonjezera.

Dzinalo anawapatsa ndi atate awo, amene ankagwira ntchito mumgodi ku Kabwe pansi pa kapitawo wachizungu wotchedwa Morgan. Anangolikonda basi, tanthauzo sanafunse.

Mwana wawo woyamba anamutchanso Morgan. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mvula inadzaza dzenje limene anthu anakumbamo miyala kuseri kwa nyumba zathu. Amene ndinavuula mtembo wa mwanayo ndine. Kuyambira pamenepo, mvula ikamagwa Ba Morgan chakudya sichiwalowa.

Chaka chino mu Malichi mwana wawo wamkazi, Exildah, anabereka mwana wamwamuna. Mchombo utagwa anatiitana. Mkamwini wawo Silas anagwada.

"Batata, tifuna mwana atenge zina yanu."

Ba Morgan anakwinya nkhope. Exildah, pofuna kuwasangalatsa, anatsegula foni.

"Batata, ni zina yabwino, yakale maningi. Inachokela ku Wales, ku Britain uko. Ati mu chitundu chao 'mor' ni nyanja. Mbali yosalako ya zina beve beka sibagwilizana."

"Wati chani?"

"Nyanja. Manzi."

Ba Morgan anaika kapu yawo ya tiyi pansi.

"Manzi yananitengela kale umozi," anatero. "Mufuna niyapase winangu?"

Silas anandiyang'ana. "Ba Whyson, kambani nabo."

Ndinati, "Ba Mukupa, ine sukulu ndinalekera panjira, za ku Wales sindizidziwa. Koma chinapha mwana wanu ndi dzenje, si dzina. Ndipo dzenjelo likadalipo."

Anandiyang'ana moipa. Kenaka ananyamula khandalo nati, "Uyu ni Chisala." Palibe anatsutsa.

M'mawa mwake ndinawapeza akukankha wilibala yodzaza zibuma zosweka kupita kudzenjeko. Sanandipatse moni. Ndinakatenga fosholo yanga.

Miyezi isanu ndi itatu yapita. Tonse ndife okalamba, ndipo dzenjelo silinafike n'pakati pomwe. Dzulo kunachita mabingu cha ku Matero, Ba Morgan anasiya mbale yawo osaikhudza. Chisala wayamba kukwawa, ndipo chitseko cha kuseri sichitsekeka bwino.