Mapazi 14 ndi 9 Kuchokera Pachulu

Chulu chimene ndinkayambirapo kuwerenga mapazi opita pamtumbira wa mwana wathu woyamba kulibenso. Anthu anachigumula n'kuumba njerwa. Ndinaziona ndekha Loweruka lapitali, kumanda a kunja kwa Kitwe, njira yopita ku Garneton, ndipo ndinaima pamenepo ndi kabuku m'manja osadziwa koyambira.

Mwanayo anali wamkazi. Anakhala ndi moyo masiku 19. Nthawi imeneyo, zaka 24 zapitazo, tinkakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Ndeke, ndipo ine ndinali mtolankhani wolemba za m'makhoti ndi ngozi za pamsewu. Tsiku loika maliro mayi wake anali akadali m'chipatala, thupi likutentha chifukwa cha bala la opaleshoni. Kwathu kum'mawa khanda la msinkhu umenewo amakaliika amayi okhaokha, amuna sapitako. Koma ku Kitwe tinalibe achibale. Panabwera amayi atatu a chigwirizano a kumpingo kwathu, ndipo wamkulu mwa iwo anati kuno ndi kutauni, payenera kukhala wina wa magazi a mwanayu woona pamene wagona. Ndinapita.

Kumbali ya ana mitumbira ndi ing'onoing'ono, yothithikana ngati mizere ya mbatata. Tinazikapo kachitsulo kolembedwa ndi penti, koma ndinkadziwa kuti tizitsulo totere sitikhalitsa, otolera zitsulo zakale amatizula. Choncho amayi aja akuimba nyimbo yomaliza, ine ndinachita zimene ntchito inandiphunzitsa, ndinafuna chinthu choti sichingasunthe. Panali chulu chachikulu, mwa zija za kuno zotalika kuposa nyumba, mitengo itamera pamwamba. Ndinaima m'munsi mwake, pa kamtengo kopindika, n'kuyenda mapazi 14 motsata msewu, kenako 9 kulowa m'kati mwa manda. Ndinayesa kawiri. Manambalawo ndinawalemba kumapeto kwa kabuku kanga ka nkhani, pansi pa mlandu wa munthu woba matayala.

Mkazi wanga atatuluka m'chipatala, amayi omwe aja anamulangiza kuti asalire kwambiri, ndipo asapondeko kumandako, kuopa kuti mimba ingatseke. Iye sankazikhulupirira kwenikweni, koma ankafuna ana, ndiye anamvera. Anangondifunsa ngati malowo ndikuwadziwa. Ndinamuonetsa kabuku kaja. Anayang'ana manambala awiriwo nthawi yaitali, n'kundibwezera kuti ndisunge ndine.

Patapita zaka zingapo nyuzipepala inachepetsa antchito. Ndinakachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo ananditumiza kusukulu ina ku Kawama, ku Ndola, kumene ndakhala ndikuphunzitsa masamu a giredi 8 mpaka lero. Tinasamukira komweko. Apa n'kuti titabereka kale ana ena awiri, onse aamuna.

Giredi 8 ndi kumene mwana amakumana koyamba ndi zilembo m'masamu. Chaka chilichonse pamapezeka wina wodandaula kuti x wasochera, kwawo ndi kuphunziro la Chingelezi. Ndimawauza kuti x ndi nambala imene sitinaidziwe, ndipo ntchito yathu ndi kuifufuza ngati apolisi, pogwiritsa ntchito zimene tikudziwa kale. Akazolowera zimenezo timafika pa magalafu. Mapepala a timabokosi sakwanira ana oposa 60, ndiye aliyense amajambula mizere yake ndi rula m'kope mwake. Ena amajambula mokhota, timabokosi tawo n'kumaoneka ngati mpanda wakugwa. Bolodi langa ndinalilemba mizere ndi msomali kalekale, kuti ndisamabwereze.

Phunziro loyamba ndimalichita ndi madesiki. Ndimati chitseko ndiye poyambira, pamene mzere wopingasa ndi woimirira imakumana. Aliyense awerenge madesiki kuchokera pachitseko kupita m'mbali, kenako kupita kumbuyo, apeze manambala ake awiri. Ndikaitana kuti 3 ndi 2, wokhala pamenepo aimirire. Amazikonda. Amayamba kunenana okha, kuti wa pa 5 ndi 6 sanasambe, wa pa 1 ndi 4 akudya chinangwa pansi pa desiki. Akafika potsimikiza kuti adziwa, ndimapita pawindo lakumbuyo n'kunena kuti tsopano poyambira ndi pano. Ndikaitananso 3 ndi 2, amaimirira awiri, wakale ndi watsopano, n'kuyamba kukangana m'Chibemba. Pamenepo ndimalemba pabolodi kuti manambala awiri alibe ntchito ngati sukudziwa pamene anayambira kuwerenga, ndipo onse amakopera m'makope.

Kadontho koyamba kamene ndimawapatsa kuti aike pagalafu nthawi zonse ndi 14 ndi 9. Mnzanga wophunzitsa kalasi linalo, mayi wodekha amene wakhala pantchitoyi nthawi yaitali kuposa ine, anandiuzapo kuti manambalawo ndi aakulu, ana ayambe ndi 2 ndi 3, chifukwa 14 sangakwane patsamba la kope pokhapokha alitembenuze. Ananena zoona. Sindinasinthe. Ana ndimawauza kuti munthu wina anakwirira chinthu chamtengo wapatali pafupi ndi chulu, n'kulemba mapazi ake kuti asaiwale. Iwo amalosera kuti ndi waya wa mkuwa, ena miyala yobiriwira ija ya kumigodi, wina anati ndi foni ya chibwenzi yobisira mkazi. Ndimaseka nawo, koma chinthucho sindinawauzepo.

Zaka zisanu zapitazo m'kalasi langa munali mtsikana wina wamfupi, wokhala kutsogolo pafupi ndi chitseko, wosakonda kulankhula. Bambo ake ankaumba njerwa. Nditamaliza nkhani ya chulu ija anakweza dzanja.

"Ba ticha, nanga chulucho akachiumba njerwa, munthuyo adzayambira pati?"

Kalasi lonse linaseka. Wina kumbuyo anati bambo ake a mtsikanayu adzatha zulu zonse za mu Ndola, chiswe chidzayamba kuchita lendi. Mtsikanayo anatembenuka n'kumuyankha kuti nyumba imene amagonamo iyeyo ndi chulu chomwecho, azithokoza. Inenso ndinaseka. Ndinamuuza kuti wafunsa bwino, koma m'masamu poyambira timachita kugwirizana, ndipo tikagwirizana sipasuntha. Kenako ndinapitiriza ndi kadontho kachiwiri.

Tsiku limene ankafunsalo n'kuti patapita zaka ziwiri ndisanapondeko kumandako. Poyamba ndinkapita chaka chilichonse mvula ikatha, kukazula udzu. Kenako ndinayamba kudumphitsa. Kuchokera ku Ndola kufika ku Kitwe ndi ulendo wa ola limodzi pabasi. Mwana wa woumba njerwa anandichenjeza masana, pamaso pa anthu 60, ndipo ine sindinakwere basiyo.

Mwezi watha mwana wathu womaliza anakwatira. Alendo atabalalika, mkazi wanga akupinda zitenje zimene tinayala pamatebulo, anandiuza kuti tsopano palibenso mimba yoti itseke, akufuna kukaona pamene pagona mwana wake, ndipo pamangidwe chiliza mvula isanayambe. Anali atalankhula kale ndi mmisiri wina wa kumpingo kwathu. Ndinati ndiyambe ndapita ndekha, ndikaone udzu.

Pamene panali chulu pali dzenje lotakata, losaya, pansi pake matope ouma ong'ambika. M'mbali mwake muli zidutswa za njerwa ndi makala a uvuni umene anaotcherapo. Ndinaliyeza: mapazi 21 mbali ina, 17 inayo. Kamtengo kopindika kaja kanapita ndi chulu. Tizitsulo ta kumbali ya ana a zaka zimenezo tatsala tiwiri tokha, ndipo penti inafufutika.

Chinthu chimodzi chinatsala. Mumzere wa mwana wathu, chakumapeto, muli mtanda wa simenti wopakidwa buluu, umene ndinkauona kudzanja lamanja nthawi zonse ndikaima pamtumbira. Ulipobe. Choncho mzere ndikuudziwa, mapazi 9 aja sanatayike. Otayika ndi 14. Ndinayesa kuyambira m'mphepete mwa dzenje, ndinayesa kulowa m'kati pamene ndikuganiza kuti panali kamtengo, ndinayesa ndi mapazi aatali a munthu wa zaka 30 ndi aafupi amene ndili nawo lero. Nthawi zonse ndinkathera pa umodzi mwa mitumbira inayi yoyandikana. Iwiri idakali yotumphuka pang'ono. Iwiri inatitimira, imangodziwika ndi mtundu wa udzu.

Bambo wina wogwira ntchito kumandako, amene ankatchetcha udzu chapafupi, anandiona ndikuyenda uku ndi uku n'kubwera. Tinalankhula m'Chibemba. Anati chulucho chinatha mvula zitatu zapitazo. Anati ndikapita ku ofesi ndi chikalata chololeza kuika maliro akhoza kundiyang'anira m'mabuku akale, ngakhale sakudziwa ngati ana a nthawi imeneyo ankawalemba potsata mizere. Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza, mondimvera chisoni, kuti ndingosankha umodzi. Anati si ine woyamba, ndipo ogona pansiwo sanadandaulepo.

M'basi pobwerera ndinasankhadi. Ndinasankha wachiwiri kuchokera kudzenje, chifukwa ndi umene unatumphuka bwino. Nditafika kunyumba mkazi wanga anandifunsa mmene ndayendera, ndipo ndinamuuza kuti udzu wakula, pafunika khasu. Imeneyo inali nkhani yoona yosiya mfundo yaikulu, mtundu wa nkhani umene mkonzi wathu wa kunyuzipepala ankaubweza osamaliza kuwerenga.

Lolemba ndinali m'kalasi. Tinali titafika pa mizere yowongoka, ndipo chitsanzo chimene ndakhala ndikugwiritsa ntchito zaka zonsezi ndi y = 9. Ndinalemba pabolodi n'kuwauza kuti aike pagalafu. Patapita kanthawi mwana wina anati funsolo ndi loperewera, aticha aiwala x. Ndinamuuza kuti sindinaiwale. Ukadziwa y yekha sukhala ndi kadontho, umakhala ndi mzere wathunthu, ndipo malo aliwonse pamzerewo akhoza kukhala yankho. Ndinatenga rula yaikulu n'kujambula mzerewo kuchokera mbali ina ya bolodi mpaka inayo. Iye anafunsanso kuti ndiye asankhe pati.

Ndinamuyankha kuti pano sasankha. Akasankha ndimuchongera cholakwa.

Ndinawapatsa masamu khumi oti achite, n'kutuluka kukaima pakhonde mpaka belu.

Ndinamuuza mkazi wanga Lachitatu masana, nditaweruka. Ndinamupeza akusita bulauzi yoyera ya chigwirizano. Ndinaika kabuku kaja patebulo n'kufotokoza zonse motsatana, chulu, dzenje, mtanda wabuluu, malangizo a bambo wotchetcha uja, ngakhalenso zoti ndinali nditasankha wachiwiri. Sanasiye kusita mpaka nditamaliza. Kenako anaimika simbi.

"Mitumbirayo ndi ingati?"

"Inayi."

"Mwa inayiyo, mwana wanga alipo?"

"Alipo. Mzere ndi womwewo, pamenepo sindikukayika."

"Munapitako liti komaliza?"

Ndinati papita zaka seveni. Anayang'ana kabukuko osakakhudza.

"Ine anandiletsa," anatero. "Inu anakuletsani ndani?"

Sanadikire yankho langa. Anapachika bulauzi ija pachitseko, n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinamva akutunga madzi, ngakhale migolo yonse inali yodzaza kuyambira m'mawa. Anakhalako pafupifupi ola. M'zaka 24 sindinamuonepo akulira mwana ameneyu, ndipo tsiku limenelonso sindinamuone, chifukwa sindinapite kuseriko.

Atabwerera analankhula za zochita zokhazokha. Anati mmisiri auzidwe kuti adikire, chifukwa sangaike dzina la mwana wake pamwamba pa mwana wa mayi wina amene mwina nayenso adzabwera tsiku lina kudzafunafuna. Anati ndikabwereke khasu lachiwiri kwa anansi. Ndinafunsa kuti tikalambula uti. Anati yonse inayi.

Chikalata chololeza kuika maliro tinachipeza m'sutikesi, m'kati mwa khadi la sikelo limene linangolembedwa mzere umodzi. Nambala yake ikuwerengeka. Dzulo ndinapempha mnzanga wa kalasi linalo kuti adzandigwirire ana Lolemba, kuti ndikafike ku ofesi ya manda ikatsegulidwa. Sanafunse zambiri. Anangofuna kudziwa pamene ndafika ndi phunziro, ndipo ndinamuuza kuti ana akudziwa kujambula mzere umodzi, chotsatira ndi kuwaonetsa kuti mizere iwiri ikadutsana imapereka kadontho kamodzi.

Mawa Loweruka tikwera basi ya 6 koloko ndi makasu awiri okulunga m'saka. Mkazi wanga akaima kumandako koyamba. Ngati mabuku a ku ofesi akatipatsa mzere wachiwiri, mmisiri ayamba ntchito sabata yamawa. Ngati satipatsa, tizikalambula inayi. Mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo, ndipo bambo wotchetcha uja anati mvula ikangogwa kawiri katatu, mitumbira iwiri yotitimira ija sidzaonekanso.