Lipenga la Pa Nyimbo Yachitatu

Ndaliza lipenga zaka makumi atatu m'maukwati ndi m'maliro muno mu Ndirande. Ndiye Chikondi, amene ndinamuphunzitsa ndekha kagwiridwe ka lipenga, atandiitana kukajambula chimbale cha jazi ndi gulu lake lalikulu la ana a kusukulu ya zoimbaimba, ndinachita kusita suti. Pa nyimbo yachitatu anandipatsa mpata woliza ndekha.

"Mwaitha, madala," anatero titamaliza.

Chimbale chitatuluka, ndinaitana aneba n'kuika sipika pakhonde. Nyimbo yachitatu itafika, ndinatchera khutu. Lipenga limene linkamvekalo silinali langa. Chikondi anali atandichotsa mwakachetechete n'kuikapo kamtsikana kamene kankakhala kumanzere kwanga, kankandibwereka mafuta opaka mabatani a lipenga. Ngakhale kundiimbira foni, ayi ndithu.

Aneba anaomba m'manja. Ine, m'malo monena zoona, ndinatsinzina n'kumagwedeza zala m'malere ngati ndikukumbukira mmene ndinalizira.

"Ndinu amenewa, bambo a Tadala?" anafunsa akazi anga.

"Ndine," ndinayankha.

Anapukuta misozi ndi chitenje. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukumverani, koma simunalizepo bwino chonchi."