Chipinda Chimene Alamu Anapenta

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, ndi opaka penti, ndipo diso lawo n'lakuthwa. Khoma limene iwe ukuliyamikira, iwo amaliyang'ana cham'mbali n'kunena kuti, "Apa anachulutsa madzi." Sankalakwitsa, ndipo ankadziwa kuti salakwitsa. Vuto lawo linali limenelo.

Mng'ono wanga ali woyembekezera, alamu anapaka chipinda cha mwana penti wa yelo, kawiri konse, mpaka bulashi kuthothoka. Kunabadwa mwana wamkazi. Powatulutsa m'chipatala, namwino anati, "Tsiku lililonse muzimuonera panja powala. Muzidina pamphuno ndi chala. Khungu kapena maso zikaoneka zachikasu, mubwere naye msanga."

Tsiku lachinayi ndinapita kukaona mwana. Ndinapeza mng'ono wanga atamuyang'anitsitsa.

"Asisi, taonani maso akewa. Akungogona, kuyamwa sakufuna."

Alamu anasuzumira, manja ali m'thumba. "Limenelo ndi khoma, mayi a mwana. Muno ngakhale mkaka ukuoneka wa yelo. Za mitundu ndisiyireni ine."

Ine ndinaseka, n'kuthirirapo ndemanga: "Mwana woyamba ndi choncho, akangoyetsemula uziti tithamangire kuchipatala." Panja dzuwa linali likuswa mtengo, chitseko chili pomwepo. Palibe anamutulutsa.

Anapita naye kuchipatala patatha masiku atatu, mwanayo akulira mokuwa, msana atapinda. Anamugoneka pansi pa magetsi abuluu, maso atamuphimba, kenako anamusintha magazi. Moyo anapulumuka, koma adokotala anati chikasu chinali chitakwera kwambiri mpaka kuwononga makutu.

Pano ali ndi zaka zinayi. Mng'ono wanga sanatilozepo chala, ine kapena amuna ake. Ndikafika amandilandira chikwama, kundipatsa mpando wabwino, ndipo ulemu umenewo umandiwawa kuposa kulalatiridwa. Mwana anali ndi azakhali... ayi, anali ndi mayi ake aakulu, ine, wobereka atatu, ndipo ndinasankha kuseka.

Alamu akupentabe, koma anasanduka munthu wa phee. Chinenero chamanja anachiphunzira kuposa tonsefe. Komabe ali ndi chizolowezi chimodzi chimene chakanika kuwachoka. Akaweruka, amaima pakhomo ovolosi ili m'thupi, mwana akusewera atawafulatira, n'kumuitana. Amayamba motsitsa, kachiwiri mokweza pang'ono, kachitatu mpaka mawu kusasa.

Amene amatembenuka ndi mayi ake.