Tsiku Limene Dima la Amayi Linamwazika

Lipenga la abambo linali la nyanga ya ng'ombe, lakuda kukamwa kwake chifukwa cha thukuta ndi fodya. Linkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ife ana sitinkaloledwa kulikhudza. Likalira m'mamawa, anthu ankasenza madengu kupita kukathyola tiyi. Abambo anali kapitao pa esiteti. Ine, kamtsikana ka sukulu ya mishoni, ndinkayenda monyada, ndikuganiza kuti Thyolo yense amamvera mpweya wa abambo anga.

Za dzinja limenelo ndimakumbukira kutopa. Mvula inkagwa yosalekeza. Tiyi sadikira munthu: ukachedwa kuthyola, nsonga zimakhwima ndipo mzungu amazikana pa sikelo. Koma udzu nawonso sudikira. Mvula imene inkaphukitsa tiyi wa mzungu ndi yomweyo inkameretsa udzu m'chimanga cha amayi. Abambo ankachoka kusanache, n'kubwera mapazi atayera ndi linyetsu, n'kugona pampando mbale ili pamiyendo. Khasu lawo linachita dzimbiri.

Malo amene tinkakhalapo anali a esiteti. Makolo a amayi atawoloka kuchokera ku dziko la Apwitikizi, anapatsidwa pomanga ndi polima, malinga azigwira thangata, ntchito yolipirira malo. Wokana ankamugwetsera nyumba. Koma pamudzi, mwa mwambo wathu, mwini mbumba anali amalume, mchimwene wa amayi. Abambo anali mkamwini chabe. Ku tiyi abambo ankalamula amalume, kunyumba amalume ankalamula abambo, ndipo awiriwa ankayankhulana mosamala ngati anthu onyamula mphika umodzi wotentha.

Amayi ataona chimanga chikufiira m'udzu, anaitanitsa dima. Anaphika thobwa ndi nyemba za kalongonda, nauza abale ndi anansi kuti abwere ndi makasu Loweruka adzawathandize kupalira. "Ndapempha kwa bwana, wavomera. Tsiku limenelo ku tiyi kulibe ntchito," anatero abambo. Ndikukumbukira fungo la dothi lonyowa likutembenuzidwa, nyimbo ya Chilomwe ikuyenda ndi makasu, amalume ali patsogolo akunyoza anyamata: "Khasulo mukulisisita bwanji ngati khanda? Temani!" Ine ndinkazungulira m'mizere ndi chikho.

Tisanafike pakati pa munda, abambo anatulukira m'kanjira ka ku fakitale, jekete la khaki litanyowa, lipenga lili m'manja. Mzungu anali atasintha maganizo. Tiyi wa kumtunda anali kukhwima, ndipo ankafuna munthu aliyense tsiku lomwelo. Nyimbo inazima yokha.

"Alamu, mwabwera kudzatenga khasu?" anafunsa amalume.

"Alamu, akutifuna kumtunda."

"Akufuna ndani? Muno mulibe kapitao. Muno muli mkamwini amene ana ake adya masamba a tiyi chaka chino."

Ena anaseka, kuseka kwa m'mano. Abambo anakweza lipenga mpaka pachibwano, n'kulitsitsanso. Lero ndikudziwa zimene zinkawazungulira m'mutu. Akanabwerera okha, m'mawa mwake kukanabwera kapitao wina wakutali, wosadziwa nyumba ya wamasiye kapena ya wodwala, ndipo aliyense amene anali m'munda mwathu akanatchulidwa ku ofesi. Akanaliza, chakudya cha ana awo chikanathera m'udzu, anthu akuonerera. Ine nthawi imeneyo ndinkangoona kapitao akulephera kuliza lipenga lake pamaso pa anthu, ndipo ndinachita manyazi.

Amene anayankhula anali amayi. Anaimika khasu, napukutira manja pa nsalu.

"Achimwene, tsogolani. Anthu inu, pitani, asakugwetsereni nyumba chifukwa cha chimanga changa. Thobwa mwanayu akubweretserani komweko." Kenaka anatembenukira kwa abambo. "Koma inu, chinthu chanucho musalizire m'munda mwanga."

Sichinalire. Anthu anasenza makasu mwakachetechete, amalume ali pambuyo akung'ung'udza m'Chilomwe. Ine ndinatsatira ndi mtsuko pamutu, matope akutulukira pakati pa zala za kumapazi. Nditacheuka, ndinaona amayi ali okha pakati pa udzu wofika m'chiuno, khanda lili kumbuyo, khasu likukwera ndi kutsika.

Theka la mundawo linapita. Nkhokwe sinadzaze ngakhale pakati, ndipo nyengo ya dzuwa isanafike tinali titayamba kale kudya makaka, chinangwa chouma. Abambo anakhalabe kapitao, ndipo nyumba ya munthu aliyense inatsala chilili. Akaweruka ankalunjika kumunda osavula jekete, n'kupalira mpaka kude, koma udzu unali utapambana kale. Ndikawaganizira tsopano, ndimaona munthu amene kulikonse ankafika mochedwa, ngakhale sanakhalepo pansi tsiku ndi limodzi lomwe.

Amayi sanawayankhule mpaka nthawi yokolola. Madzi osamba ankawaikira, chakudya ankawapakulira chotentha, koma mawu onse ankadzera mwa ine. "Kawauze abambo ako kuti denga likudontha." Abambo ali pomwepo pakhonde, akumva, ankadikira kuti ine ndinene, n'kuyankha kuti, "Kawauze kuti ndamva."

Tsiku lina amayi akusinja ndinalimba mtima.

"Amayi, si inu munauza anthu kuti apite?"

"Ndine."

"Nanga abambo analakwa chiyani?"

"Sanalakwe."

"Ndiye mwawakwiyiranji?"

Munsi unaima m'mwamba. Amayi anandiyang'ana ndi maso ofiira ndi utsi.

"Ukufuna ndikakwiyire ndani, mwana iwe? Mzungu?"

Munsi unatsika, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinakhala pa mwala ndikuganizira mawuwo, koma sanandilowe. Ndinatsimikiza kuti mawa ndikafunsa aphunzitsi, pakuti pa msinkhu umenewo ndinkakhulupirira kuti munthu amakwiyira amene wamulakwira.