Ndinavala Gauni Ndisanaphunzire Kanthu

Inu owerenga, ine chinandipusitsa ndi nsalu. Ndikunena gauni yakuda ija amavala anthu pomaliza maphunziro a ukachenjede. Ndinaivala nthawi isanakwane, ndipo inangotsala pang'ono kundilekanitsa ndi sukulu komanso mayi anga.

Fomu 4 ndinakhoza bwino ndithu, koma ku yunivesite ya boma dzina langa silinatuluke. Ndinachoka kwathu ku Chia n'kukalowa ntchito yodula nzimbe ku Dwangwa. Tsiku lina ndikuweruka, thupi lonse lili bii ndi phulusa la nzimbe zootcha, ndinaona chikwangwani cha koleji yatsopano kuseri kwa mashopu. Mwini wake, bambo wa pakamwa potsekemera, anandiuza kuti aliyense wolembetsa amajambulidwa tsiku lomwelo atavala gauni ndi chipewa chake, ati kuti aone kumene akupita. Sindinafunse ngati boma likuidziwa kolejiyo. Ndinangofunsa ngati pali gauni yondikwana.

Chithunzicho ndinatumiza kwa mayi. Iwo anachipachika pabalaza, pamwamba pa matumba a mpunga, ndipo aliyense wobwera kudzapempha mchere ankayamba waonetsedwa.

Tinaphunzira chaka chathunthu. Itakwana nthawi yokayeserera ntchito, ndinapita ku ofesi ina ku boma. Mayi amene anandilandira atamva dzina la koleji yanga anandiyang'ana mwachifundo, n'kundiuza kuti sukuluyo ilibe chilolezo, choncho mapepala ake sangandithandize kulikonse. Pamene nkhaniyi inkamveka kwa anzanga n'kuti mwini koleji atasowa kale. M'kalasi mwathu muja pano amagulitsamo feteleza.

Abale inu, manyazi amapweteka. Ndinasiya kupita kumudzi, ngakhale nthawi yodula mpunga imene mayi amandidalira, poopa kukakumana ndi chithunzi chija. Ndinkatukwana makoleji onse omwe si aboma kuti ndi mbava zokhazokha.

Anandibweza ndi Che Saidi, dalaivala wa thalakitala kuntchito kwathu, yemwe ankaphunzira za ulimi Loweruka ndi Lamlungu pa koleji ina yomwenso si ya boma. Anandiseka kaye mpaka misozi, kenaka anati, "Achimwene, wakuberani ndi munthu mmodzi. Nanga ife a m'minda ya nzimbe, boma likadzaza malo ake, tikaphunzire kuti?"

Ndinamutsatira, koma ulendo uno ndinavuta ngati wogula mbuzi. Ndinapempha kuona chilolezo, ndinakafunsanso ku ofesi ya zamaphunziro, ndinalankhula ndi ena amene anamaliza pomwepo. Zonse zinali bwino. M'kalasi ndinapeza othandiza m'zipatala, asodzi, ndi mayi wina wa ana anayi wochokera ku Dwambazi, tonsefe anthu oti tikanangokalamba ndi satifiketi ya Fomu 4 m'chikwama. Ndinayambira pachiyambi, ndipo gauni sindinaione ngakhale patali mpaka nditamaliza.

Ndisanawaitane mayi ku mwambo, ndinapita ku Chia kukaulula zonse. Ndinagwada n'kuyamba kuwafotokozera. Iwo anapitiriza kusenda chinangwa chawo, osadzidzimuka n'komwe.

"Ine ndimalima mpunga, mwananga, ndipo sindikolola mwezi womwe ndadzala," anatero. "Unayamba sukulu mwezi womwewo n'kunditumizira chithunzi chomaliza, ndiye umati sindinadabwe? Ndinachipachika dala kuti uzichita manyazi kusiya."

Ndinaseka misozi ikutsika. Mtima wanga unakhala pansi koyamba m'zaka zonsezo.

Tsono inu amene mwana wanu kapena inu eni mwatsala kunja kwa yunivesite ya boma, musataye mtima, ndipo musanyoze makoleji enawa, chifukwa ambiri a ife atitola ndi iwowa. Koma musanalembetse, funsani chilolezo ndipo kachitsimikizeni nokha ku ofesi ya boma. Akakupatsani gauni tsiku loyamba, ibwezeni, mutuluke.

Lero ndine mlangizi wa alimi a mpunga. Pabalaza pa mayi papachikidwa zithunzi ziwiri, ndipo akana kuchotsa choyamba chija. Mlendo akafunsa, amamuuza kuti ichi n'chimene mwana wawo analonjeza, ichi n'chimene anachita.