Nkhuni zaulere za alamu anga

Mwaswera bwanji nonse.

Uvuni wowambira nsomba uja ndaumaliza lero. Poti ndine katswiri wa zowerenga, ndinati moto wake ukhale wa mankhusu a mpunga. Utsi unatuluka wambiri, koma amene anawambika ndine, milamba ili yaiwisibe.

Kenaka alamu anga a Bwanali anatulukira ndi zipika zouma bwino panjinga, ati zaulere. Nditafunsa kumene azitenga, anangoti, "Alamu, wambani nsomba, mafunso achepe."

Milamba yapsa bwino ndithu. Koma posonkhezera chipika chomaliza ndapeza duwa lapulasitiki, la nkhata ya maliro, litakodwa m'khungwa. Paja kuno ku Mwambo mitengo ikuluikulu inatsala kumanda kokha.

Mayi akunyumba akana ngakhale kulawa. Abale, tidye, kapena ndiitane alamuwo ayambe iwowo kudya, ife tikuona?