Akuti Ndipume

Aneba anga ndi aphunzitsi a payunivesite. Amafufuza za Chibuda cha masiku ano, makamaka mmene anthu a m'maofesi ndi m'zipatala akugwiritsira ntchito ziphunzitso zake. Ukawafunsa ngati analowa chipembedzocho amaseka. "Dokotala wa mano sakhala dzino," amatero. Komabe m'mawa uliwonse amakhala pakhonde atatsinzina, kumvetsera mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka. Aliyense wobwera ndi nkhawa, kaya ya mwana wodwala kaya ya kuntchito, amamuuza zofanana: "Yambani mwapuma."

Ine ndimawadalira kuposa mmene akudziwira. Mtima wanga suchedwa kuthamanga, ndipo ndikangowaona pakhondepo ndimadziwa kuti dziko likadali m'malo mwake.

Lolemba lapitali ndinawapeza maso ali kumsewu, tiyi atazizira, chala chikugogoda pampando.

"Kwagwanji, aphunzitsi?"

"Ophunzira achepa," anatero. "Akuluakulu akumana lero, akufuna kutseka phunziro langa. Akuti ana amakono zimenezi amazipeza pafoni. Akuti ndakula, ndipume."

Ndinayesa kuchita nthabwala. "Nanga si kupumako ndi kumene mumatiphunzitsa tsiku ndi tsiku?"

Anandiyang'ana osaseka. "Kupuma kwanga, aneba, mpweya umatuluka n'kubwereranso. Kwawoko n'kongotuluka."

Anatenga chikwama chawo n'kunyamuka. Mpando anauiwala pakhonde, ndipo tsiku lonse ndinkangousuzumira pawindo, ntchito osagwirika.